Wopempha Nsambo pa Dambo la Madzimoyo

Dzina langa ndine Peggy, ndimasoka zovala pa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Ambiri amandidziwa ndi madiresi a ukwati ndi mayunifolomu a ana a sukulu. Koma Loweruka masana ndikafunditsa makina nsalu, ndimasanduka munthu wina. Ndimapanga mabanjo.

Musaseke. Tilipo atatu ogwidwa ndi nthenda imeneyi. Oyamba ndi a Ezekiel Mbewe, aphunzitsi opuma ntchito, amene akamva nsambo ikulira bwino amaiwala kuti mawondo awo amapweteka. Wachiwiri ndi Lovemore, wokonza njinga pafupi ndi siteji ya mabasi. Iyeyu amabweretsa mawaya a mabuleki, timawamasula kamodzikamodzi n'kukhala nsambo zathu. Ine gawo langa ndi zikopa. Ndimaviika, ndimapala ubweya, ndimakunga pa chigubu kapena pa chipanda mpaka chikopa chizilira ukachigogoda ndi chala.

Timakumana kuseri kwa nyumba ya a Ezekiel, ku Kapata komweko. Sitigulitsa, ndipo sindife bandi. Timangokonda kuona thabwa lotayidwa likuyamba kulankhula. Akazi awo, amayi Vailet, amati phokoso limene timachita nsambo yoyamba ikalira limaposa la ana a sukulu ya mkaka.

Chaka china, nyengo yozizira anthu atamaliza kukolola, a Ezekiel anatsiriza gitala imene anaivutikira miyezi yambiri. Khosi lake linali la mlombwa, thupi la mtengo wa malaina, ndipo anaikwecha ndi sandipepa mpaka inkaterera ngati mbale. Ataikunga nsambo n'kuikhudza koyamba, Lovemore anaponya chipewa padenga la nyumba. Ine ndinaimba nthungululu mpaka agalu a anthu oyandikana nafe anauwa.

"Iyi siyofunika kuibisa kuseri kwa nyumba," anatero Lovemore. "Tiyeni nayo ku Madzimoyo. Alamu anga a Mateyu atisungira chikopa cha ng'ombe ndi zipanda. Akaimve nawonso."

Loweruka lotsatira tinakwera minibasi masana.

Kwa a Mateyu tinapeza anthu atakhala pa mphasa akusenda mtedza. Atatilonjera, anatulutsa chikopa chija, chachikulu bwino, chouma popanda bowo. Anatipatsanso zipanda ziwiri zokhwima. Tikanatha kubwerera nthawi yomweyo dzuwa likanalipo. Koma a Mateyu anaona thumba la gitala.

"Nanga mlendo uyu simumutulutsa?"

A Ezekiel sanadikire kufunsidwa kachiwiri. Nyimbo yoyamba amayi anasiya mtedza. Yachiwiri anyamata ochokera kodyetsa ng'ombe anaima pakhomo. Yachitatu fumbi linali koboo pabwalo, a Mateyu akuvina atagwira m'chiuno ngati mnyamata. Tinangozindikira kuti kwada pamene wina anabweretsa nyali.

"Gonani konkuno," anatero a Mateyu.

"Sizitheka," anayankha a Ezekiel. "Mawa mapemphero a m'mawa ndikutsogolera ndine."

A Mateyu anatiperekeza mpaka pothera munda wawo. Anatilozera msewu wa ngolo, anati tiutsate ndithu, ngakhale umazungulira ukatifikitsa pa msewu wa tala. Anabwerera.

Tinayenda tikuseka. Lovemore anasenza chikopa chopindidwa paphewa, ine zipanda m'chitenje, a Ezekiel gitala kumsana. Kunkazizira, ndipo mphepo inkanunkha lupsa, udzu umene anthu anatentha masana. Mwezi unali utangotuluka, wosakwana. Tisanapite patali tinaona magetsi a malole akudutsa pa msewu waukulu, pafupi ndithu, kungodutsa dambo lokha. Msewu wa ngolo unkakhotera kwina.

"Tikazungulira mabasi atithera," anatero Lovemore. "Taonani kanjira aka."

Kanjirako kanali kopondeka bwino. Tinalowa.

M'dambomo munkazizira kuposa kumtunda. Udzu unali wautali, wonyowa ndi mame. Achule ankalira mbali zonse, ndipo patsogolo pathu nkhungu inagona pansi ngati thonje. A Ezekiel anali kutsogolo akufotokoza za banjo imene tidzapange ndi zipanda zija.

Apo ndi pamene tinamva.

Ndiiii.

Liwu limodzi lokha la nsambo. Lalitali, lokhuthala, lotsekemera. Linalowa m'makutu n'kutsikira m'mimba.

Tonse tinaima nthawi imodzi.

"Mwamva?" ananong'ona a Ezekiel.

Ndiiii.

"Waya wa njinga salira choncho," anatero Lovemore, mawu akunjenjemera. Sanali mantha. Chinali chimwemwe cha munthu amene wamva chinthu chimene wakhala akuchifuna osadziwa dzina lake. Inenso mtima unkagunda chimodzimodzi. Tinayamba kuyenda mofulumira, kenaka kuthamanga ndithu, a Ezekiel ndi mawondo awo aja ali patsogolo.

Pakati pa dambo panali chulu. Pachulupo panakhala munthu.

Anavala jasi lalitali ndi chipewa chotsika mpaka m'maso. Pamiyendo pake panagona chinthu chachikulu. Sanadzidzimuke titafika. Anakhala ngati munthu amene watopa ndi kudikira alendo ochedwa.

"Odi, achimwene," anatero a Ezekiel akupuma mwawefuwefu. "Mwaswera bwanji?"

Munthuyo sanayankhe moni.

"Ndakumvani mukuimba kumudzi uko," anatero. Mawu ake anali otsika, osathamanga. "Mungandigawireko nsambo?"

Lovemore anayatsa tochi ya pa foni. Munthuyo anatembenuzira nkhope kumbali, ife sitinasamale, poti maso athu anali pa chimene chinali pamiyendo pake.

Ndaona mabanjo, ndaona kaligo, ndaona bangwe. Ichi sichinali chilichonse mwa zimenezi. Chinali ndi chipanda chachikulu chakuda bii ngati chakhala pa utsi zaka zambiri. Khosi lake linali lalitali, lopindika pang'ono, losemedwa mosaoneka pamene mpeni unadutsa. Panalibe msomali, panalibe guluu. Zichiri zokungira nsambo zinali zoyera mbee. Chichiri chakumapeto chinali chopanda nsambo.

A Ezekiel anagwada pamatope osasamala buluku lawo.

"Mwapanga nokha? Mtengo wanji uwu? Khosi mwalilumikiza bwanji apa?"

"Chikusowa nsambo imodzi," anatero munthuyo.

Lovemore sayenda wopanda waya m'thumba. Anatulutsa kamkukutu ka waya ndi pulayala, anandipatsa foni kuti ndiwunikire. Anadula, anapinda, analowetsa. Ndinamuona akupukuta zala pa malaya.

"Zichiri izi zanyowa," anatero. "Zikuzizira ngati zachokera mu fuliji."

Ine ndinafuna kudziwa chikopa. Ndinatambasula dzanja ndi kuchigwira. Cha mbuzi ndimachidziwa maso ali chitsinzinire, cha ng'ombe, cha gwape, ngakhale cha ng'azi. Ichi sindinachidziwe. Chinali chosalala, chopanda malo amene ubweya unapalidwa. Ndipo chinali chofunda. Usiku wozizira ngati umenewo, zichiri zikuzizira, chikopacho chinali chofunda ngati khosi la munthu wogona.

Ndinachotsa dzanja msanga. Ndinafuna kulankhula, koma nthawi yomweyo Lovemore anati, "Basi, yakungika," munthu uja n'kuyendetsa zala.

Sindidziwa kuti ndikuuzeni bwanji. Nyimbo ija inali ngati waidziwa kuyambira uli kumbuyo kwa mayi ako, koma sunaimvepo. Inkakwera, n'kugwa, n'kukwera mopitirira pamene umayembekeza. Miyendo yanga inayamba yokha. Zipanda zinagwa m'chitenje n'kugubuduzika. Lovemore anataya chikopa cha ng'ombe, analanda foni yake n'kumavina akuizunguza m'mwamba. A Ezekiel anasolola gitala m'thumba, anasakasaka pang'ono, kenaka anaipeza njira n'kulowa. Zoimbira ziwirizo zinagwirana ngati anthu apachibale okumana pa ukwati.

"Eyaaa!" anakuwa a Ezekiel. "Pomwepo! Pomwepo, achimwene!"

Ndinavina monga sindinavinepo chikhalire. Ndinaseka mpaka misozi. Thukuta linatsika kumsana, chisanu ndinachiiwala. Anthu ankaomba m'manja mokoma, mogwirizana, ndipo ine ndinkaponda motsata manjawo.

Kenaka ndinaganiza: akuomba m'manja ndani?

Ndinayang'ana Lovemore. Dzanja lina foni, lina m'mwamba. A Ezekiel manja onse pa gitala. Anga anali m'chiuno.

Koma manja ankaomba. Ambiri. Kumanzere, kumanja, kumbuyo kwanga pafupi ndi khutu.

Ndinasiya kuvina. Achule anali atasiya kulira. Ndinayang'ana kumene kunali msewu waukulu, magetsi a malole sanaoneke. Nkhungu inali itatizinga mpaka m'chiuno. Udzu unkagwedera mozungulira chulu, malo ndi malo, ngati pali anthu ambiri akuvina, koma tochi ikadutsapo panalibe munthu. Pansi pankanjenja ndi mapazi. M'bango mayi wina anaimba nthungululu yaitali.

Fungo linandipeza. Fungo la matope a pansi pa chitsime.

Ndinagwira Lovemore pamkono, ndinamutsina ndithu.

"Tamverani manja awo."

Anamvetsera. Nkhope yake inasintha.

"Aphunzitsi, tiyeni," anatero.

A Ezekiel sanamve. Maso atatsinzina, mutu akugwedeza, pakamwa kumwetulira. Tinawagwira wina uku wina uku n'kuwadzutsa mokakamiza. Gitala inalira mosokonekera. Pomwepo zonse zinati zii. Manja, mapazi, nthungululu, zonse.

Munthu uja anaika dzanja pa nsambo zake.

"Nyimbo siisiyidwa pakati," anatero. Sanakalipe. "Ndidzabwera kudzakutengani, timalize."

Tinathamanga. Chikopa ndi zipanda zinatsala konko. Udzu unatidula miyendo, nsapato yanga imodzi inamira m'matope sindinaibwerere. Titaponda tala ndinagwada pansi kufuna mpweya. Kutali tambala analira. Wina anayankha. Kum'mawa kunali kutayamba kufiira.

Ife tinkaona ngati taimba nyimbo imodzi yokha.

Minibasi yoyamba ya m'mawa, ya amayi opita ndi ndiwo ku msika, ndi imene inatinyamula. Kondakitala anatiyang'ana matope n'kufunsa ngati tachokera kumaliro kapena kumowa. A Ezekiel anakhala pawindo atakumbatira gitala, akung'ung'udza nyimbo ija chapansipansi.

Mungaganize kuti tinasiya pomwepo. Ayi. Dzuwa limachotsa mantha. Pofika Lolemba tinali titapeza chifukwa cha chilichonse. Manja aja anali anthu ochokera kumowa, tinalephera kuwaona chifukwa cha nkhungu. Nthawi inatithawa chifukwa cha kukoma kwa nyimbo. Za chikopa chofunda ndinadziuza kuti mwini wake anali atachifungatira m'jasi. Chimene chinatsala m'mitu mwathu chinali liwu lija.

"Tingathe kuchipanga," anatero a Ezekiel, maso akuwala. "Ndachiona bwinobwino. Tingathe!"

Sabata imeneyo tinkakumana madzulo aliwonse. Ndinkatseka makina msanga, makasitomala akudandaula. Lovemore anasiya njinga za anthu zili chagada. A Ezekiel anasema khosi lopindika ndi kasemasema, anaboola malo a zichiri ndi msomali wootcha, anaphwanya zipanda zingapo asanapeze chomveka. Ine ndinayesa chikopa cha mbuzi, ndinachotsa, ndinayesa cha mwana wa ng'ombe. Tinkakangana, kuseka, kuyambiranso. Amayi Vailet ankabweretsa tiyi n'kumubweza atazizira.

"Bambo, simukugona," ankatero. "Usiku wonse zala zikungoyenda pa bulangete."

"Ndikusaka mathero ake, mayi. Ndikafika pakati imandithawa."

Lachisanu madzulo chinthu chathu chinatha. Magetsi anali atazima dera lonse, choncho tinalowa m'nyumba, tinayatsa nyali ya sola pa tebulo. Lovemore anakunga nsambo yomaliza. A Ezekiel anapukuta manja, anakhudza.

Chinalira bwino. Kunena zoona chinalira kuposa chilichonse chimene tinapangapo, ndipo ine ndi Lovemore tinalumpha n'kuombana m'manja. Koma a Ezekiel anapukusa mutu.

"Chayandikira," anatero. "Koma si chija."

Kunali kutada kwambiri. Lovemore anatsanzika n'kupalasa njinga kupita kwawo. Ine amayi Vailet anandiletsa, anati mkazi sayenda yekha mumdima wotere, ndigone pa sofa. Anakiya chitseko, kiyi anamanga pa mfundo ya chitenje chawo. Tinakhala pang'ono tikucheza.

Galu wawo, amene amagona pakhonde ndi kuuwa ngakhale mphaka, anayamba kulira chapansipansi. Anakanda chitseko. Kenaka chete.

Go. Go. Go.

Tinayang'anana.

"Mwina Lovemore waiwala kanthu," ndinatero.

"Ndani?" anafunsa amayi Vailet.

Nyali ya sola inachepa kuwala. Pansi pa chitseko panalowa kamphepo kozizira, ndipo ndinamva fungo lija. Matope a pansi pa chitsime.

Ndiiii.

Thupi lonse linachita tsemwe. Liwulo linali pakhonde penipeni, kuseri kwa thabwa la chitseko. Zoimbira zathu zimene zinapachikidwa kukhoma zinayankha zokha, nsambo zonse kunjenjemera pang'onopang'ono.

"Ndabwera," anatero mawu otsika aja. "Tiyeni tikamalize."

A Ezekiel anaimirira. Nkhope yawo sindidzaiiwala. Panalibe mantha ngakhale pang'ono. Ankaoneka ngati mkwati amene wamva galimoto ya mkwatibwi yafika.

"Mayi, kiyi."

"Simutuluka."

"Pang'ono pokha. Ndingomufunsa za chikopa."

"A Mbewe, khalani pansi!"

Amayi Vailet ndi munthu wamfupi, koma anawakankhira pa mpando n'kuwakhalira pamiyendo. Ine ndinagwira mkono wawo. Amayi anayamba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, ine ndinalowa. Panja nsambo zinayamba nyimbo ija. Ndikuuzeni chinthu: pakamwa panga pankaimba ya kutchalitchi, koma mapewa anga ankafuna kutsata ya panja. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

Tinaimba, tinapemphera, tinaimbanso. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Pang'onopang'ono nsambo zija zinamveka ngati zikupita kutali, kumsewu, kenaka zii. A Ezekiel anafooka, anatsamira mpando n'kugona ngati mwana. Ife tinagwirizana kuti sitigona, tiwalondera mpaka kuche. Ndinakhala pansi nditatsamira chitseko chenichenicho.

Ndinadzidzimuka ndi kukuwa kwa amayi Vailet.

Kunali kutayera. Mpando unali wopanda munthu. Ine ndinali chitsamire chitseko, chokiya. Kiyi anali pa mfundo ya chitenje. Mawindo onse a nyumba ija ali ndi zitsulo. Nsapato za a Ezekiel zinali pansi pa tebulo, ndodo yawo pakona. Kukhoma, pa msomali wa gitala ya mlombwa, panalibe kanthu.

Tinafufuza kuchipinda, pansi pa bedi, kubafa. Amayi ankaitana dzina lawo ngati akuitana mwana. Anthu oyandikana nafe anayamba kusonkhana pampanda. Pamenepo Lovemore analowa pa geti ndi njinga, osatsika bwino, foni ili kukhutu.

"Alamu akuimba kuchokera ku Madzimoyo," anatero. "Akuti aphunzitsi ali kumeneko."

Tinachita hayala takisi. Njira yonse amayi Vailet anangogwira kiyi uja m'manja.

Tinapeza anthu ataima m'mphepete mwa dambo, patali, palibe wofuna kulowa. A Mateyu anati amayi opita kumadimba m'mamawa ndi amene anawaona. Masana dambolo linali wamba, ng'ombe zikudya chapatali, mbalame zikuuluka. Pa chulu chija panakhala a Ezekiel, atavala malaya omwe aja a dzulo, opanda nsapato.

Kuchokera ku Kapata kufika kumeneko ndi ulendo wa galimoto. Mkulu wa mawondo opweteka sangayende usiku umodzi. Ndinayang'ana mapazi awo. Anali oyera, opanda fumbi, opanda munga. Koma zala za m'manja zinali zong'ambika nsonga, magazi atauma mpaka m'zikhatho. Udzu wozungulira chulu unali utagona pansi, wopondedwa ngati pabwalo la gule. Gitala panalibe.

Atationa anatambasula manja akuseka.

"Peggy! Lovemore! Tamaliza! Mukanamva mathero ake, ana inu! Mukanamva!"

"Gitala ili kuti, bambo?" anafunsa amayi Vailet akuwafunditsa chitenje.

Anayang'ana uku ndi uku ngati funsolo ndi lachilendo.

"Ikugwira ntchito," anatero.

Tisananyamuke, a Mateyu anandikokera pambali pamodzi ndi Lovemore. Analankhula motsitsa mawu, maso ali kudambo.

"Ndinakuuzani msewu wa ngolo. Kuno nyengo yozizira timamva nsambo usiku, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti suyankha, supita. Ena amati anali woimba pa maukwati, anamira ndi anthu onse operekeza mkwatibwi chaka china cha madzi ambiri, nyimbo ili pakati. Ena amati ndi gule wa anthu oyenda usiku. Ine sindidziwa. Koma chinthucho chinkalira mopereweza, ngati munthu wa chibwibwi, chikafika pena n'kuima. Sabata ino sichikuima. Amayi ku mjigo akufunsana kuti wachikonza ndani."

Lovemore anayang'ana pansi.

A Ezekiel anachira zala. Amadya bwino, amaseka, amawerenga nyuzi, amatidziwa tonse. Koma Loweruka loyamba titawapatsa banjo, anaigwira ngati munthu wogwira khasu koyamba. Zala zinangoima pa nsambo. Lovemore anamasula nsambo imodzi dala mpaka inalira ngati chitini, anawafunsa ngati ili bwino. Anati ili bwino. Kutchalitchi, munthu amene ankayambitsa nyimbo mpingo wonse n'kutsata, tsopano ankaimba zosiyana ndi anzawo mpaka ana kumaseka. Kuchipatala anawayeza makutu, anati akumva bwino kuposa anthu a msinkhu wawo.

Kusema amasemabe, ndipo manja awo pa mtengo ndi omwe aja. Timakumanabe, koma dzuwa likapendeka timalongedza. Amayi Vailet anaika loko wachiwiri, ndipo usiku amamanga chitenje pa mkono wawo ndi wa amuna awo. Ku Kapata anthu amanong'ona zosiyanasiyana. Ena amati aphunzitsi anakhwimira gitala ndiye zawabwerera. Ena amati ndi ukalamba chabe, anakwera lole usiku osadziwa. Amene amanena zimenezi sanagone chitsamire chitseko chija.

Patapita masabata angapo, Loweruka masana, tinali kuseri kwa nyumba ndikupala chikopa cha mbuzi. Foni ya Lovemore inalira. A Mateyu anatumiza mawu ojambula. Anati usiku wathawo anaima pothera munda wawo n'kutukula foni m'mwamba, kuti timve tokha.

Amayi Vailet anabwera ndi thireyi ya tiyi n'kuima. Lovemore anaika foni pa benchi.

Poyamba mphepo yokha ndi kupuma kwa a Mateyu. Kenaka, kutali, ndiiii. Nyimbo ija inayamba. Manja ambiri akuomba. Patangopita pang'ono chinthu chachiwiri chinalowa, chowala, chothamanga. Lovemore anandiyang'ana. Waya amene unamumasula ndi manja ako suungamuiwale. Inali gitala ya mlombwa.

Kenaka pamwamba pa zonsezo munthu anaseka, n'kukuwa mokondwa. Mawuwo tonse tinawadziwa, anali a aphunzitsi.

Thireyi inagwa, makapu anasweka.

"Usiku wathawu anali nane," anatero amayi Vailet. "Sindinagone. Anali pambali panga, mkono uli womanga."

A Ezekiel anali atasiya kusema. Munthu amene kwa masabata sankasiyanitsa nsambo ndi chitini anapendeketsa mutu, anatsinzina diso limodzi, anamvetsera mwachidwi. Kenaka anakwinya nkhope pang'ono.

"Nsambo yachitatu yatsika," anatero. "Ikufunika kukunga. Lovemore, basi yomaliza ya ku Madzimoyo imanyamuka nthawi yanji?"

Foni inkaimbabe pa benchi. Ndinayang'ana pansi, ndinapeza phazi langa likuvina.